Injini ya m'chipinda cha kumbuyo

Malemu bambo athu, a Cleophus Tolliver, anabadwa pa 9 Malichi 1944 ku Alabama, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Amene ndikuwerengane ndine Vernetta, mwana wawo wachiwiri. Abusa andipatsa mphindi zisanu, ndiye ana anga akayamba kusokosera kumbuyoko, wina angowatsina.

Sukulu anaphunzira kumudzi komweko, nalekezera panjira kuti azithandiza kukonza mathirakitala. Mu 1963 anakwera basi kubwera kuno ku Detroit, nalowa ntchito kufakitale ya mainjini. Pa 12 Ogasiti 1967 anamanga banja ndi mayi athu, a Earline, amene anatsogola mu 2015.

Mu 1969 malemu anagula galimoto ya Plymouth yatsopano, ya mtundu wa lalanje, yokhala ndi injini ija amati Hemi. Masilinda asanu ndi atatu, makabureta awiri. Akailiza panja apa, mawindo a tchalitchi chino ankanjenjemera; madikoni akale akugwedeza mitu, akukumbukira. Mainjini amenewo anapangidwa ochepa, ndipo patangopita zaka ziwiri analeka kuwapanga.

Mu 1974 petulo anasowa, ndipo galimotoyo inkamwa osakhuta. Malemu anazula injini yaikuluyo n'kuikamo yaing'ono. Poti galaja linkadontha, anachotsa chitseko ndi felemu lake n'kulowetsa yaikuluyo m'chipinda cha kumbuyo. Mayi anati, "Cleo, chinthuchi chituluke pofika Khirisimasi." Kulakwa kwa mayi, sanatchule chaka. Ine ndinabadwa injini ili kale m'nyumba, ndiye inali ngati mkulu wanga: inali ndi chipinda chakechake, ife atatu tikupanikizana m'chimodzi.

Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi, suti isanavulidwe, malemu ankadonthezera oyilo m'masilinda onse n'kuizunguza kawiri ndi sipanala kuti isagwire dzimbiri. Chakudya chizizire, zimenezo zinalibe kanthu.

Mu 1980 ntchito inatha kwa kanthawi, ndipo anagulitsa galimoto ija ndi injini yake yaing'onoyo. Ankati, "Malata ndi malata basi, mtima ndausunga." Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo eni ake ankavomera. Kufakitale ankadinda nambala imodzi pa galimoto ndi pa injini yake. Patapita zaka anthu anayamba kuzisakasaka galimoto zimenezi, ndipo zinadziwika kuti injini payokha ndi chuma, galimoto payokha ndi chuma, koma zikakumana za nambala imodzi, mungagule nazo nyumba zitatu za mumsewu wathu. Malemu za nyumba zitatu analibe nazo ntchito. Chinkawapweteka n'chakuti, m'mawu awo, anathetsa ukwati wa eni ake.

Nambala ija anailemba m'kati mwa chipewa. Kwa zaka makumi atatu, kulikonse kukakhala chionetsero cha galimoto zakale, malemu anali komweko, chipewa kumanja, mphuno pagalasi la kutsogolo, kuwerenga manambala a galimoto za anthu. Kometetsa tsitsi a Roosevelt Gaines ankawalonjera kuti, "Cleo, mkazi wothawa uja wapezeka?" Iwo ankayankha, "Iwe Roosevelt, ukanakhalapo ndi kanthu koyenera kusakidwa, bwenzi ukumvetsa." Ofuna kugula injini anabwera ambiri. Onse anamwa khofi n'kubwerera chimanjamanja.

Mu Novembala 2022 malemu anayamba kudwala mapapo, ndipo masitepe anawakanika. Panafunika bedi pansi, koma chipinda cha pansi chinali cha injini chokhacho. Ndiulule pamaso pa mpingo: ndinaijambula injiniyo osawauza, nambala ikuoneka, n'kuika pa intaneti kuti wofuna abwere ndi amuna anayi adzanyamule. Ndinali nditatopa.

M'mawa mwake anaimba foni a Merle Hostetler, mlimi wa ku Indiana. Anandiuza ndiwerenge nambalayo kawiri. Galimoto ija inali m'shedi mwawo, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi iwonso ankasaka injini yake. Anthuni, ine amene ndadana nacho chitsulo chimenechi moyo wanga wonse, ndinathamanga masitepe awiriawiri kukawauza bambo.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. A Hostetler ankati, "Bambo, nditumizireni injini ya galimoto yanga." Malemu ankati, "Achimwene, bweretsani galimoto ya injini yanga." Anakangana sabata yathunthu, pamene madokotala anali atatiuza kale kuti kwatsala miyezi yochepa. Ndinalanda foni n'kunena kuti, "Nonse awiri mwakalamba, ndipo ine mawa ndili ndi ntchito. Galimoto ifike kuno Loweruka." Inafika. Malemu anakana kulandira ngakhale dola imodzi. Anapempha ziwiri zokha: aimve ikulira ali moyo, ndipo idzawatsogolere tsiku lomaliza.

Madala anayi a kufakitale, onse odandaula msana, anagwira ntchito m'galaja mwathu masabata asanu ndi limodzi. Malemu ankawalalatira ali pabedi m'chipinda chija, chimene mpaka lero chimanunkha oyilo. Mphamvu zinkatha tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinkaopa kuti atsogola chinthucho chisanalire.

Loweruka pa 15 Epulo 2023 masana tinawatsegulira zenera. A Hostetler anapotokola kiyi, injini inangotsokomola. Kachiwiri, zii. Kachitatu inabangula. Agalu a msewu wonse anauwa, mbale zinagwedezeka m'kabati, a Roosevelt anagwetsa ndodo n'kuyamba kuvina. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi ili chete, inalira ngati yazimitsidwa dzulo. Mwa Malamulungu onse aja, palibe limodzi lomwe linapita pachabe.

Malemu anatsinzina, namvetsera nthawi yaitali. Kenako anandikodola n'kunena kuti, "Kawauze kabureta ya kumbuyo ikumwetsa petulo." Atakayang'ana, zinali zoona. Tsiku lomwelo anapereka chipewa chawo kwa a Hostetler, nati alibenso nacho ntchito.

Anatisiya Lachitatu pa 19 Epulo m'mawa, ali ndi zaka 79. Asiya ana atatu, a Darnell, ine ndi a Loretta, zidzukulu zisanu ndi zitatu, ndi mlongo wawo a Odessa amene achokera ku Alabama. Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, amayi a mpingo chifukwa cha chakudya, madala anayi aja ndi misana yawo, komanso a Hostetler, amene anabwera ngati mlendo koma lero akhala pabenchi ya abale.

Galimotoyo ili panja, ndipo ndi imene ititsogolere kumanda. Amene muli ndi makanda, atsekeni m'makutu. Bambo, mzimu wanu uuse mumtendere, koma mudikire kaye tikafike, poti panjirapa mtendere sukhalapo.