Matumba a Bambo Gerevazio Pambali pa Dzenje

Anamfedwa, mafumu, akuluakulu a mpingo, ndi nonse mwabwera kudzakhuza maliro ano: amene tikuwaperekezawa ndi bambo Gerevazio Mlongoti. Anabadwa m'chaka cha 1929 ku Mphunzi, m'boma lino la Dedza.

Sukulu anayambira pa kasukulu ka mishoni kwawo komweko, ndipo sanapite nayo patali. Kuwerenga anaphunzirira pa katekisimu wa mafunso ndi mayankho, wopanda chikuto, amene ana onse ankalandizana. Kuyambira pamenepo mtima wawo unagwera m'mabuku osatulukamonso.

Mu 1953 anamanga ukwati woyera ndi mayi Bernadetta, nadzakhala chikamwini kuno ku Lobi.

Ntchito yawo inali yogulitsa mabuku achikhristu pa njinga, kukwera zitunda mpaka kumsika wa Mayani. Koma tisanamizane pamaliro, malonda sankawatha. Buku likawakomera ankalibisa pansi pa bokosi, wogula n'kubwerera chimanjamanja. Mayiwa angachitire umboni. Motero kanyumba kaja ka kuseri kwa nkhokwe kanadzaza tho ndi mabuku! Munali akalekale osindikizidwa ndi amishoni oyamba, a Chinyanja chimene lero timachita kupunthwa nacho powerenga. Munali a nyimbo ndi a mapemphero, mbiri za oyera mtima ndi za ofera Mulungu, maulaliki, ngakhale tinthano tophunzitsira ana. Aliyense wofuna ankamubwereka ulere.

Mumpingo anali Mkatolika wolimba, mtsogoleri wa mphakati wathu, koma buku la Achipresibiteriya sankalikana. Ankati mawu abwino sabadwira m'tchalitchi chimodzi.

Matipate atabwera, anthu anathamangira nyuzi ndi misonkhano ya zipani. Kanyumba kaja malemuwa ankakatsekula m'mawa uliwonse, wolowamo osaoneka. Tsiku lina ku Mayani anagula usipa, n'kupeza awakulungira m'tsamba la buku la nyimbo limene iwo eni anabwereka munthu. Bambo wamkulu analira pakati pa msika, anthu akuona.

Chaka chatha maso awo anachita ng'ala, chifuwa n'kuwagwiranso. Anasamukira m'kanyumba ka mabuku kaja. Ankakhala pakhomo buku lili pamiyendo, n'kumapempha wodutsa aliyense kuti awawerengereko tsamba limodzi lokha. Odutsawo ankati abwera mawa. Mayi Bernadetta sukulu sanapiteko, choncho ankangowatembenuzira masamba kuti amveko phokoso la pepala. Atisiya Lachiwiri lapitali, m'chaka chino cha 1997.

Mawu awo otsiriza anali akuti mabuku awo asadzakulungirenso usipa kapena kupichira fodya. Ngati wowawerenga palibe, apite nawo m'manda. Mwa mwambo wathu kanyumba kaja kagwetsedwa, popeza amwaliriramo. Ndiye matumba mukuwaona pambali pa dzenjewo si a chimanga ayi.

Mayo ine, abale! Mayi Bernadetta akulira maliro awiri lero. Mawu a malemu sangawaphwanye, komanso kukwirira zimene anagonera nazo njala zaka zonsezi kukuwadula mtima. Aphunzitsi, muli pano. Si inu mumadandaula kuti ana a sukulu yaulere akudzaza pansi pa mitengo opanda choti awerenge? A kwaya, a mphakati, anzathu a mipingo ina, chonde, chonde! Sitikugulitsa. Malemu anangopempha munthu woti atsekule buku n'kuliwerenga.

Bambo Gerevazio asiya mkazi wawo mayi Bernadetta. Mwana wamwamuna Kenan, amene anapita ku Joni osamvekanso. Mwana wamkazi Martina. Zidzukulu zisanu, zonse zing'onozing'ono. Ndi mlongo wawo mayi Anastazia a ku Mphunzi.

Okumba manda avomera kudikira pang'ono chabe. Bokosi likatsika, matumba atsatira. Wodziwa kuwerenga aimirire tsopano.

Bambo Gerevazio atopa, apumule mu mtendere. Koma mabukuwa, abale anga, sanatope.