Ankati Esinati Samva

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa kwa Malemia, ku Domasi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Esinati, amene anatsala pang'ono kusiyitsidwa sukulu chifukwa cha liwu limodzi.

Zinali m'zaka za m'ma 1980. Esinati anadwala chikuku ali mu Sitandade 2, makutu n'kumatuluka mafinya, koma anachira ndipo tinaiwalako. Atalowa Sitandade 3 zinthu zinatembenuka. Mwana amene ankakhoza bwino anayamba kulakwa chilichonse, anabwereza kalasi, n'kulepheranso. Ndikapita kusukulu aphunzitsi ake ankangoti, "Mayi, mwana wanuyu samva." Ine n'kumavomereza, pakuti ngakhale pakhomo ukamutuma atakufulatira, zinkakhala ngati walankhula ndi mtondo. Mankhwala a mwana wosamva tonse tinkawadziwa, ndiwo mkwapulo. Kusukulu ankalandira, kunyumba n'kudzawonjezera. Iye osalira n'komwe, ankangotiyang'anitsitsa pakamwa, ife n'kumati taonani mwano.

Bambo ake, anthu osachedwa kugamula mlandu, anati teremu ikatha basi, azikathandiza azakhali ake kugulitsa tomato ku Naisi. Zinandipweteka kwambiri. Ine sukulu ndinalekezera mu Sitandade 1, ndipo manyazi odinda chala anzako akusaina ndimawadziwa bwino. Sindinkafuna kuti mwana wanga adzawadziwenso. Ndinkagwada m'mawa uliwonse n'kunena kuti, Ambuye, m'patseni mwanayu makutu akumva. Ndinkatanthauza khalidwe, osati makutu enieniwo.

Teremu ili mkati, kusukuluko kunabwera anthu ofufuza za maphunziro, atanyamula kamera ya vidiyo kuti ajambule mmene ana amaphunzirira. Nthawi imeneyo wailesi ya kanema kunalibe m'dziko muno, ndiye mudzi wonse unkangokamba zomwezo. Wogwira kamerayo anali bambo wina wachisilamu, a Saidi, munthu wosalankhulalankhula. Patapita masabata angapo, a Saidiwo anandipeza ndikupalira chimanga, njinga ili m'manja.

"Amayi, mawa mubwere kuntchito kwathu mudzaone mwana wanu," anatero.

Ndinadziwiratu kuti watichititsa manyazi mpaka m'kanema.

Ndinapita. Anali atawaitananso aphunzitsi aja. A Saidi anayatsa kabokosi kagalasi, ndipo ndinamuona Esinati wanga atakhala pansi kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Aphunzitsi akamalankhula atayang'ana ana, iye ankakweza mkono, kuliza zala kuposa anzake onse. Kenako aphunzitsi anatembenukira kubolodi, akulemba uku akulankhula. Ana onse anatsegula mabuku, Esinati yekha anangokhala, akuyang'ana uku ndi uku. Anamutchula dzina ali chifulatirire, iye osagwedezeka. Chotsatira chinali mkwapulo. A Saidi anabweza kanemayo m'mbuyo, tinaonanso, n'kubwezanso.

"Ine ndinakula ndi mchimwene wotere," anatero a Saidi. "Mwanayu si wosamvera ayi. Sakumva. Amawerenga pakamwa."

Abale anga, ndinalira ngati pamaliro. Zaka ziwiri zathunthu tinkanena zoona tsiku ndi tsiku, kuti samva, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamva zimene pakamwa pathu pankanena. Aphunzitsi aja anangowerama, manja ali m'mutu.

Kuchipatala ku Zomba anatsimikiza kuti khutu lakumanzere linafa ndi chikuku chija, lakumanja limamva pang'ono. Mankhwala panalibe. Koma aphunzitsi anamuika kutsogolo, khutu lamoyo litaloza kwa iwo, ndipo analeka kulankhula ndi bolodi.

Panatsala bambo ake, amene ankati zonsezo n'zodzikhululukira. Anthu ofufuza aja anaona kuti ana otere alipo m'masukulu enanso, ndiye anakonza kanema wamfupi woonetsa aphunzitsi ndi makolo. Nkhope ya Esinati sanafune kuionetsa, m'malo mwake anajambula pamanja kamtsikana koyenda ndi kuphethira ngati kamoyo. Mawu ankatuluka m'kamwa mwa aphunzitsi ngati timbalame. Akayang'ana ana, timbalameto tinkakafika kwa kamtsikanako. Akafulatira, tinkagunda bolodi n'kugwa pansi. Anadzationetsa pasukulu Loweruka masana, jenereta ikulira panja, mawindo atatchinga ndi zitenje. Bambo ake anayamba n'kuseka timiyendo ta kamtsikanako. Koma m'kanemamo mkwapulo utatsika pa kamtsikanako, kuseka kunatha. Kanema atatha tinabwerera kunyumba. Anamupeza Esinati akutsuka mbale, anamugwira paphewa, n'kudikira kuti atembenuke.

"Ku Naisi supita," anatero pang'onopang'ono, akumuyang'ana kumaso. "Lolemba sukulu."

Esinati anamaliza pulayimale, anapitanso kusekondale, ndipo lero amasaina dzina lake yekha. Makutu ake sanachire. Mpaka pano ndikafuna kumuuza kanthu ndimayamba ndamugwira paphewa.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu wa chipembedzo china, wokwera njinga, amene sindinkamudziwa n'komwe. Inu amene muli ndi mwana wokulemetsani mtima, musataye mtima ndipo musaleke kugwada, ngakhale pemphero lanu litakhala lokhota ngati langa lija. Koma akakuuzani kuti mwana samva, musanathyole mkwapulo, yambani mwafunsa kuti kusamva kwake n'kuti. Ine ndinapempha makutu akumva, ndipo Ambuye anayankha. Anangodziwa okha woyenera kum'patsa, pakuti osamva tinali ife.