Aphunzitsi Mtambalika ndi Kaseti Imene Sanailize

Malemu Bambo Greyson Mtambalika, amene ambiri muno mumangowadziwa kuti Aphunzitsi, anabadwa pa 14 Malichi 1949 kwa Kuntaja ku Chileka. Anali achitatu m'banja la Bambo Solomon ndi Mayi Fyness Mtambalika. Chinali chaka cha njala chimenecho, ndipo mayi awo ankakonda kunena kuti mwanayu anafika pamene ngakhale makoswe anali atasamuka m'nkhokwe. Malemu ankayankha kuti n'chifukwa chake sananenepepo moyo wawo wonse.

Mu 1956 anayamba sukulu ya mishoni ku Chileka komweko. Anali mwana wa mafunso osatha. Anzawo akakhala ku mpira, iwo ankapezeka pamene akuluakulu akusema mipini, kufunsa kuti mudzi uno unachokera kuti, nanga anausamutsa ndani. Mu 1964 anasankhidwa kupita ku sekondale ku Blantyre, ndipo atamaliza analowa koleji ya aphunzitsi. Mu Januwale 1972 boma linawatumiza kuno ku Lirangwe kudzaphunzitsa. Anatsika basi ndi sutikesi imodzi, mabuku ambiri kuposa malaya.

Pa 4 Ogasiti 1973 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Emily, mwana wa konkuno, mu mpingo wa CCAP. Chaka chomwecho anagula wailesi ya kaseti. Mayi Emily amanena mpaka lero kuti analowa mitala osadziwa, pakuti Loweruka lililonse bambo ankamanga wailesiyo pa kaliyala wa njinga, ulendo wa ku Lunzu, ku Mdeka kapena kwawo kwa Kuntaja. Ankafunafuna nkhalamba zimene zinamva kwa makolo awo za zaka za m'ma 1800: nkhondo za Angoni, kubwera kwa Amakololo, njala yakale, magulu a akapolo odutsa m'dera lino, ndi kufika kwa amishoni. Ankati mabuku a kusukulu akusimba mbiri ya dziko lino ngati eni akefe tinali titachokapo.

Mu Okutobala 1974 anafika pakhomo pa a Lekani, nkhalamba ya kuseri kwa msika uno, amene pa unyamata wawo anali mtengatenga pa msewu wa ku Matope. A Lekani anali atachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Anayamba ndi nkhani za katundu wa azungu ndi machila. Kenaka anathamangitsa ana onse pakhonde, n'kusimba nkhani ya mayi awo owabereka. Atatha anagwira dzanja la malemu n'kuwauza kuti mawuwo ndi a mbumba, ndipo kasetiyo isadzalizidwe mpaka mwinimbumba atalola. Malemu analonjeza. A Lekani anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe. Chimene anthu ankanong'onezana n'chakuti nkhaniyo ikukhudza nthawi ya ukapolo. Zina zonse malemu sanauze munthu, ngakhale Mayi Emily amene.

Mu 1980 anachita maphunziro a dipuloma n'kuyamba kuphunzitsa Histole ku sekondale. Anagwira ntchito ku Mulanje ndi ku Mwanza, ndipo mu 1996 anabwerera kuno, komwe anakhala hedimasitala mpaka kupuma mu 2009. Kuyambira 1988 analinso mkulu wa mpingo. Konse kumene anasamukira, thiranki ya makaseti inkakwera lole poyamba, mipando pambuyo. Ana awo amakumbukira kuti denga litadontha ku Mwanza, bambo anafunditsa thirankiyo bulangete la anawo, nati ana amauma okha koma tepi siuma.

Mu 2013 mwana wawo Jenny, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, anawagulira laputopu kuti aziona zithunzi za adzukulu. Zithunzizo anaziona tsiku loyamba lokha. Tsiku lachiwiri anatulukira kuti nyumba za mabuku za kunja zinaika pa intaneti mabuku a apaulendo ndi amishoni a m'ma 1800, mapu akale a mtsinje wa Shire ndi mapiri athuwa, ndi zithunzi za Blantyre ali nyumba zochepa za udzu. Zinthu zimene anaziphunzitsa moyo wawo wonse osaziona zinali pamaso pawo. Netiweki inkagwira pa chulu cha kuseri kwa nyumba pokha, ndiye anaikapo mpando ndi ambulera. A kabaza mpaka lero amati pa chulu pa Aphunzitsi. Chaka chimenecho udzu unakula kuposa chimanga m'munda mwawo, ndipo Mayi Emily anawafunsa ngati mapuwo adzawagaitse ku chigayo.

Sanadye okha. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 a m'sukulu zozungulira ankabwera masana, ndipo malemu ankawaonetsa kumene angapeze buku lakuti kapena mapu akuti popanda kutha bandulo pachabe. Koma ankawachenjeza kuti asameze chilichonse chifukwa chalembedwa m'Chingerezi. Ankati: "Bukuli ndi labwino, koma mufunse kuti amene anamunyamula pa machila wolembayu anali ndani, ndipo iyeyo akanalemba akanati chiyani." Chinkawawawa n'chakuti m'mabuku onsewo anthu athu ankangowerengedwa ngati mitolo, opanda mayina. Apa ndi pamene anakumbukira kuti mayinawo ali m'thiranki mwawo.

Mu 2016 anayamba ntchito yosamutsa mawu a m'makaseti kupita m'kompyuta, Jenny akuwathandiza. Njira yawo inali yotopetsa. Kaseti iliyonse, asanaigwire, ankayamba apita kwa abale a wolankhulayo, kukhala pansi ndi mwinimbumba, kufotokoza kuti intaneti n'chiyani, n'kupempha chilolezo. Kwina ankawayankha tsiku lomwelo, kwina ankawauza kuti adikire kaye achemwali a ku Ndirande abwere. Jenny ankawakumbutsa kuti lamulo silikuwakakamiza kuchita zonsezo. Iwo ankati lamulo la boma alidziwa, koma iwo anakhala pamphasa za anthuwa n'kumwa madzi awo.

Mu Julayi 2018 tsamba lawo la pa intaneti, limene analitcha Mawu a Kwathu, linatsegulidwa. Panali mawu a nkhalamba zathu, kumasulira kwake, ndi malozera a mabuku ndi mapu akale aja kuti munthu azimva mbali zonse. Ife apabanja sitibisa kuti timanyadira. Aphunzitsi a ku Karonga ndi ku Nsanje ankaimba foni kuthokoza. Ophunzira a ku yunivesite ankatsika minibasi pa Lirangwe kufunsa nyumba ya mkulu wa pa chulu. Mayi Safia, amene ali ku Joni, anaimba akulira kuti amva agogo awo akutsokomola ndi kuseka, agogo amene sanawaonepo. Munthu amene ankabwereka choko ku sukulu yoyandikana anaphunzitsa dziko lonse ali kuseri kwa nyumba yake.

Inatsala kaseti imodzi, ya a Lekani. Umwinimbumba wa banjalo unali utafika kwa a Lyford Kambalame, amene akhala apo. A Lyford anakana, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Anati mawu akalowa pa intaneti satulukanso, ndipo sangalole kuti ana awo azitchedwa akapolo ku sukulu kapena ana aakazi azinyozedwa ku ukwati. Malemu sanalimbane nawo. Chaka chilichonse akakolola ankavala jekete, kupita kukapempha, ndipo a Lyford ankayankha kuti: "Chaka chino ayi, Aphunzitsi." Iwo ankati: "Chabwino, ndidzabweranso." Akatero ankatulutsa bawo n'kuyamba kusewera, ndipo Lamulungu ankakhala benchi imodzi m'tchalitchi.

Pamenepa panali nkhawa yeniyeni. Tepi imakalamba. Makaseti ena anali atapezeka kale ndi nkhungu, ena atamatana, mawu ake atapita osabwereranso. Malemu anaika kaseti ya a Lekani m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mpunga wouma kuti chinyezi chisalowe, koma ankadziwa kuti chaka chilichonse chikudyako. Jenny anawapempha kuti angoisamutsa m'kompyuta, wailesi atatsitsa osamveka kanthu, n'kuisunga osaonetsa munthu. Bambo anakana. Anati kaseti yozungulira yalizidwa basi, kaya wina wamva kaya sanamve. Bambo ndi mwana anakhala Khirisimasi ina yonse akungopatsana moni. Ambiri a ife tinkati ndi makani a ukalamba, pakuti ntchito ya moyo wawo inkatha kuonongeka pa chinthu chimene akanachita mphindi zochepa popanda wodziwa.

Mu Januwale chaka chino thupi linayamba kufooka. Matenda a shuga, amene anakhala nawo nthawi yaitali, anagwira impso. Anagonekedwa ku chipatala cha Mlambe ku Lunzu, anapezako bwino n'kubwerera kunyumba, ndipo anakwerabe pa chulu mothandizidwa ndi ndodo. Mu Meyi matenda anakula ndipo anatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Gulupu ku Blantyre. Chaka chino ndicho choyamba chimene sanavale jekete kupita kwa a Lyford. Ali m'chipatala, Jenny anagwada pambali pa bedi n'kupemphanso komaliza. Malemu anamugwira mutu nati: "Mawuwo si anga, mwanawe. Ndikapita mukabweze kwa eni ake. Akafuna kukataya, akataye okha." Anamwalira m'mawa wa Lolemba pa 9 Juni 2025, ali ndi zaka 76.

Dzulo m'mawa mwana wawo woyamba, Chilungamo, ananyamula chitini chija kukapereka kwa a Lyford monga bambo ananenera. A Lyford anachilandira ndi manja awiri. Masana anabwera pano pa siwa ndi alongo awo, ana a alongo awo ndi adzukulu, n'kupempha Jenny kuti atulutse wailesi. Anakhala m'chipinda cha malemu. Mbali yoyamba, ya nkhani za machila ndi msewu wa ku Matope, inali itadyeka, ndipo sitidzaimvanso. Atatembenuza, mawu a a Lekani anatuluka, otsika koma omveka.

Eni ake atipempha kuti zimene anamva tizinene pano. Pa njala yaikulu ya m'ma 1860, mayi a a Lekani ali kamtsikana, malume awo enieni, mwinimbumba wa nthawiyo, anawapereka kwa ogula akapolo posinthana ndi mapira kuti ana otsala asafe. Mtsikanayo anadwala panjira, anamusiya patchire, ndipo anthu achilendo anamutola n'kumulera. Atakula anayenda yekha kufunafuna kwawo mpaka anafika. Anapeza malumewo atakalamba, opanda wowasamala, ndipo anawaphikira mpaka imfa yawo. Mudzi unachita manyazi, nkhaniyo inakwiriridwa, ndipo dzina la mayiyo silinapatsidwenso kwa mwana aliyense. A Lyford atamva analira pamaso pa ana, nati: "Takhala tikubisa munthu amene anatibereka tonsefe. Jenny, uike anthu amve."

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Emily. Ana atatu, Chilungamo, Jenny ndi Fatsani. Adzukulu asanu ndi awiri. Mlongo wawo mmodzi kwa Kuntaja. Ndi ophunzira amene sitingathe kuwawerenga.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Mlambe ndi ku Gulupu, abusa ndi akulu a mpingo, amayi a Mvano amene akhala nafe kuyambira Lolemba, mafumu athu, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza ya malemu, a kabaza amene anyamula anthu ndi nkhuni osatopa, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa.

Pomaliza tikuthokoza a Lyford Kambalame ndi mbumba yawo yonse. Atipempha chinthu chimodzi, kuti bokosi lisananyamuke titchule pagulu dzina limene malemu analisenza okha kuyambira 1974, osaliuza mkazi kapena mwana. Mayi a a Lekani dzina lawo anali Ndaona.

Aphunzitsi, mwamva, eni ake alola. Tulani tsopano, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.