Apongozi Pakhomo pa Chinjoka

Lachisanu masana mkamwini wina, wokonza magetsi wodziwika ndi liuma, ankayala mapu ojambula yekha pa tebulo lodyera, kukonzekera masewera a mawa lake ndi anzake. Apongozi ake aakazi anatulukira ndi chikwama m'khwapa, anakana tiyi, n'kukhala moyang'anizana naye, pakuti mwana wawo anali atawadandaulira pafoni kuti mwamuna wake amataya golide Loweruka lililonse.

"Mkazi wanu ali kuntchito, ndikudziwa," anatero apongozi. "Ine ndabwerera inu. Golideyo ali kuti?"

"Golide uti, amayi?"

"Amene mumatayayo."

"Oo, ameneyo. Ayi, ameneyo ndi wa m'masewera."

"Eya. Njuga."

"Si njuga, amayi."

Apongozi anatola kanthu kofiira ka mbali zambirimbiri n'kukayang'ana chapatali, ngati kanyamula matenda.

"Nanga ichi?"

"Dayisi."

"Si wa njuga? Ndiye dayisi masiku ano akuphikira?"

Mkamwini anakoka mpando. Anafotokoza kuti iye amasimba nkhani ya dziko lopeka, anzake aliyense amakhala munthu wa m'nkhaniyo n'kumanena zimene akufuna kuchita, ndipo dayisi ndiye amanena ngati zatheka kapena zakanika.

"Golideyo amapezeka m'mapanga," anapitiriza. "Ntchito yake ndi kugulira malupanga, kulipira asing'anga ukavulala, kulipira malo kunyumba ya alendo..."

"Mumagona kunyumba ya alendo?"

"Osati ine. Munthu wanga."

Apongozi anatsitsa chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Muli ndi munthu wanu."

"Ayi, ayi, osati choncho. Ndi uyu." Anawatulutsira pepala lojambulidwa kamunthu kakafupi, ndevu zofika m'mawondo, nkhwangwa paphewa. "Sabata zina amasimba nkhani ndi mnzanga, ine ndimakhala ameneyu."

Apongozi anavala magalasi.

"Ndiye mukumulipirira malo ogona wandevu ameneyu, mpope wa kubafa kwanu ukudontha?"

"Mpope sakonza ndi golide ameneyu, amayi."

"Ndiye ndi golide wachabechabe."

"Si wachabechabe. Anthu amafera golide ameneyu."

"Iii. Wafa ndani?"

"Mnzanga dalaivala uja wafa kawiri."

"Dzana lomweli anandipatsa moni."

Mkamwini anapuma kaye, manja ali kumutu. Kenaka anatenga pepala lina ndi pensulo.

"Amayi, yesani nokha. Mukaona kuti ndi njuga, mapu onsewa ndikataya ndekha kudzala."

"Mwanena nokha."

"Ndanena. Koma patebulo pano lamulo ndi limodzi: chimene chachitika chachitika, sichibwezedwa. Tsopano inu ndinu mayi wankhondo. Muli ndi thumba la golide."

"Lili kuti?"

"Ili, ndalemba apa."

"Ndi pensulo? Ndiye wakuba wake safuna mpeni, chofufutira basi."

Iye anangonyalanyaza. Analoza pakati pa mapu, pamene botolo la mchere linkaimira nsanja ya mzinda.

"Muli pamsika. Wosula zitsulo akukuonetsani lupanga lakuthwa konsekonse. Akuti mumupatse theka la thumba lanu."

"Wadulitsa. Atsitse."

"Satsitsa."

"Mwamufunsa?"

"Wosulayo ndine, amayi."

"Aa. Zamagetsi zija mwasiya?"

"Sindinasiye. Gulani lupangalo, mukaphere chinjoka."

"Chandilakwira chiyani?"

"Chinalanda golide yense wa mzindawu n'kukamuunjika m'phanga. Chimagona pamwamba pake. Aliyense woyandikira chimamulavulira moto."

"Chimagona pa golide? Popanda choyala?"

"Zinjoka zimatero."

"Chagonapo nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zosawerengeka."

Apongozi anagwedeza mutu mwachisoni.

"N'chifukwa chake. Ine tsiku lina ndinagonera kandalama kachitsulo kamodzi kokha, kanatsalira m'thumba la chovala. Kutacha ndinakalipira nyumba yonse, ngakhale mphaka. Nanga mnzangayo, phiri lathunthu? Msana umenewo ulinso moyo?"

"Chilibe vuto la msana."

"Munachipima?"

"Ndinachipeka ndine."

"Ndiye mwachipeka ndi msana. Lupanga sindigula. Ndikufuna matiresi."

"Pamsika pano palibe matiresi."

"Wandevu wanu uja kunyumba ya alendo amagona pa chiyani?"

Mkamwini anayang'ana pepala la wandevu lija.

"Pa matiresi," anayankha motsitsa.

"Ndagula onse. Ndipezereninso telala awalumikize akhale amodzi aakulu, ndi ngolo yonyamulira."

"Amayi, golide wanu atha yense. Mutsala opanda lupanga, opanda chishango, opanda mankhwala."

"Mankhwala ndili nawo m'chikwamamu."

"A m'masewera."

"Sindinadwale m'masewera."

Mkamwini anafufuta nambala ya golide papepala mwamphamvu mpaka tebulo linagwedera.

"Mwaona? Inunso mwataya golide."

"Sindinataye. Ndagula katundu."

Apa mkamwini anaimirira n'kukatsegula kabati. Anatulutsamo chinthu chokulungidwa m'thaulo, n'kuchiika kumapeto kwa mapu mosamala ngati khanda. Chinali chinjoka chopota ndi mawaya otsala kuntchito, mapiko a nsalu ya ambulera yothyoka. Atadina kabatani kumchira, kababu kofiira kanayaka m'kamwa mwake. Anali atachipanga mobisa kwa masabata ambiri kuti anzake adzachione koyamba mawa lake.

"Mwafika paphanga," anatero, mawu atasintha. "Kukununkha utsi. Pansi pali mafupa a amene anayesa kale. Mukuchita chiyani?"

"Odi."

"Amayi, kwa chinjoka salowa ndi odi."

"Ndi pakhomo pa eni. Odi kuno."

Mkamwini anakhosomola, n'kukulitsa mawu mpaka masupuni ananjenjemera m'kabati.

"Iwe kanyerere, ukufuna chiyani m'phanga mwanga?"

Apongozi anavula magalasi.

"Mwati iwe?"

"Chinjoka, amayi. Si ine."

"Ndiye chiuzeni chilankhule bwino. Ndinabala mkazi wanu ine."

Chinjoka chitalankhulanso, mawu ake anali atachepa ndithu.

"Inu mayi, tikuthandizeni chiyani m'phanga muno?"

"Ehe. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka... Amayi, apa ndiye pomenyana. Ndakonza miyala yogwa, ndakonza mlatho wothyoka, ndakonza mtsinje wa moto. Chimenyeni ndi kanthu kalikonse."

"Munthu wodwala msana samenyedwa. Chiuzeni ndabwera ndi matiresi. Chitsike pazitsulopo chiyese. Chikakonda, matiresi ndi ake, zolimbazo ndichotse ine."

"Sichingavomere."

"Mwachifunsa?"

"Chinjokacho ndine."

"Nthawi yomweyi munali wosula. Bambo, gwirani ntchito imodzi."

Mkamwini anatola dayisi wofiira uja n'kumuika patsogolo pawo. Nkhope yake inali itauma.

"Chabwino. Anene ndi dayisi. Ali ndi mbali makumi awiri. Chinjoka chivomera pokhapokha pagwe makumi awiri. Pakagwa nambala ina iliyonse, mwapsa inu ndi matiresi anu omwe. Ponyani."

"Ine njuga ayi."

"Si njuga."

"Ndiye ponyani inu."

"Ndiponya."

Anamugwedeza m'manja nthawi yaitali, n'kumuponya mwaukali. Dayisi anagubuduka kudutsa msika, anagunda botolo la mchere, anazungulira pang'ono n'kuima pafupi ndi mchira wa chinjoka. Mkamwini anawerama. Anakhala chiweramire.

"Pagwa chiyani?" anafunsa apongozi. "Manambala ake ndi aang'ono."

"Makumi awiri."

"Ndi zabwino?"

Mkamwini anatambasula dzanja, anagoneka chinjoka cham'mbali, n'kudina kabatani. Kababu kanazima.

"Chatsika," anatero ngati akulengeza maliro. "Chayesa matiresi. Chati aaa. Chagona."

"Mwaona? Msana."

"Anzanga mawa akubwera ndi malupanga amene akhala akusungira golide miyezi yonseyi. Adzapeza chinjoka chikuliza mkonono."

Apongozi anamuyang'ana, ndipo anamumvera chisoni pang'ono.

"Pepani. Chidzutseni, tinene kuti sindinabwere."

"Sizitheka. Chimene chachitika chachitika."

"Ndani adziwe?"

"Ine."

"Koma liuma ili, mwana wanga anali kunena." Anakokera mpando pafupi ndi tebulo. "Nanga zolimba zija? Ndi zanga tsopano?"

"Ndi zanu. Phiri lonse."

"Lembani."

Analemba. Manambala anadzaza mzere mpaka anakhotera m'mbali mwa pepala. Apongozi anavalanso magalasi n'kutsatira ndi chala.

"Golide wochuluka chonchi angagule chiyani?"

"Chilichonse. Nyumba yachifumu, zombo, asilikali."

"Asilikali amadya kwambiri. Nyumba ya alendo ija akugulitsa?"

"Ilibe matiresi, amayi."

"Ndiye itsika mtengo. Nanga zinjoka zina ziliko?"

"Kumapiri akumpoto kuli zitatu."

"Nazonso zimagona pazitsulo?"

"Zonse."

"Telala uja asapite patali." Anayang'ana thumba lojambulidwa papepala lawo. "Koma dikirani. Phiri limeneli lilowa m'kathumba aka?"

"Ayi. Golide amalemera. Munthu mmodzi amanyamula zimene msana wake ungathe. Otsalayo atsala m'phanga mpaka mutabweranso ndi ngolo zambiri."

"Phangalo lili ndi chitseko?"

"Lilibe."

"Mlonda?"

"Mlonda ndi amene mwamugonekayo."

Apongozi anagwira pachifuwa. Koma mkamwini anali atayamba kale kutolera madayisi m'kachitini. Anakulunga chinjoka m'thaulo lake, anabweza botolo la mchere pamalo pake, n'kuyamba kupinda mapu kuchokera kumapiri akumpoto.

"Mukutani?"

"Ndikukataya, amayi. Mwandigonjetsa pa tebulo langa lomwe, opanda ngakhale kampeni. Munthu wamkulu kutha masabata pa chinjoka cha mawaya, mpope ukudontha. Ndiwaimbira anzanga kuti asabwere. Mukamuuze mwana wanu kuti zatha, masewera ndasiya."

Dzanja la apongozi linatera pamapu, pamwamba penipeni pa phanga.

"Musiye, golide wanga ali pamtetete? Khalani pansi, bambo. Mawa mukuyamba nthawi yanji?"