Mayi Amene Ankabweza Dothi la Eni Ake

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1975 ku Mayani m'boma la Dedza, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine Edmund, mlongo wawo wamkulu, ndiye mawu akandithawa penapake mundikhululukire. Inu mumawadziwa kuti Dokotala Magdalene Kanyumbu. Ife timakumbukira kamtsikana kamene zovala zake sizinkachedwa kuda, chifukwa kankangokhalira kufukula pansi.

Pulayimale anaphunzira konko ku Mayani, sekondale ku Lilongwe, ndipo mu 1994 anasankhidwa kupita ku Bunda. Mu 2001 anamanga banja ndi a Vitus Kanyumbu mu mpingo wa Katolika. Mu 2009 banja lonse linasamukira kuno ku Nairobi, kumene malemu anapitiriza maphunziro, n'kuyamba ntchito pa bungwe lina lofufuza za nthaka ku Westlands.

Ntchito yawo ambirife inkatizunguza mutu. Ankapita ku zilumba za m'nyanja yamchere, monga Pate, Wasini ndi Pemba, kukatapa dothi. Ankatiuza kuti m'kadothi kodzaza supuni muli tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka, ndipo tambiri timakana kuswana mu labu. Ndiye iwo ankachotsa DNA ya tonse pamodzi, makina n'kuiwerenga, kuti adziwe mitundu imene ilimo ndi ntchito zake. Ankati ndi kalembera wa tizilombo. Alamu anga a Vitus ndi mboni: kangapo konse kunyumba kwawo ku Madaraka kuja ankatsegula firiji kufuna ndiwo, n'kupezamo timabotolo ta dothi.

Koma chimene ndikupempha kuti mukumbukire ndi ichi. Kwathu munthu wotapa dothi m'munda mwa mnzake timamuganizira zoipa, timati akufuna kutilanda zokolola m'matsenga. Malemu sanaiwale zimenezi ngakhale anaphunzira chotere. Asanatape ankayamba apempha mwini munda, n'kulonjeza kuti dothi lotsala adzalibweza pamodzi ndi zimene apeza. Anzawo ankawaseka kuti akuvutikiranji ndi basi ndi boti chifukwa cha dothi losadzaza n'dzanja lomwe. Iwo, kuuma mutu kotengera bambo athu kuja, ankapitabe.

Mu Novembala 2023 anatapa dothi ku Pate m'munda wa mayi wina wamasiye, Bi Mwanakombo. Mchere unali utawononga mundawo, koma mbali imodzi khobwe ankabereka ndithu, ndipo mayiyo ankafuna kudziwa chifukwa chake. Mu Epulo 2024 madokotala anawapeza malemu ndi khansa. Analandira chithandizo chaka chathunthu, kompyuta ili pabedi pomwepo. Anapeza kuti mbali yobereka ija inali ndi mitundu ya tizilombo imene mbali inayo kunalibe, koma mphamvu zoyendera zinali zitawathera.

Abale anga, m'chipatala muja ife tinkalirira iwo, iwo ankadandaula za dothi la eni ake. Nditawauza kuti azisiye aganize za moyo wawo, anangondiyang'ana mmene ankandiyang'anira tili ana ndikalakwa masamu. Ankati sangakaonekere kwa Mulungu dothi la mayi wamasiye likadali m'firiji. Zinkandipweteka, koma ndinadziwa kuti sadzapuma lisanabwerere.

Ndiye a Lorna, wophunzira wawo wa kuno ku Kenya, ananyamuka. Pa 3 Juni 2025 anathira dothilo m'munda muja, n'kuwafotokozera Bi Mwanakombo zonse m'Chiswahili, malemu akuonera pa foni. Tsiku limenelo malemu anaseka, kuseka kwawo kuja kogwira pakamwa, mpaka anapempha tiyi. Anatisiya pa 6 Juni, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 50.

Malemu asiya amuna awo a Vitus, ana awiri, Lusayo ndi Watipa, mayi athu ku Mayani, ndi ife abale awo anayi.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, ampingo, ndi Amalawi nonse a kuno ku Nairobi. Amayi a ku Rongai, amene munkapanikizana m'maminibasi aja a matatu kudzatiphikira, Ambuye akubwezereni pamene mwachotsa. A Lorna, mwalonjeza kubwerera ku Pate mvula ikayamba kukapitiriza ntchitoyi pamodzi ndi alimi. Kuyambira lero ndinu mwana wa m'banja mwathu.

A Lorna sanabwere chimanjamanja. Bi Mwanakombo anatapa okha dothi la mbali yobereka ija, n'kulimanga m'kansalu, ndi uthenga wakuti ili lokha lisabwezedwe. Chilolezo cholidutsitsira malire tatenga, pakuti malemu sakanalola zozemba. Mawa tikuwaperekeza ku Mayani, ndipo dothi loyamba kugwera pa bokosi lawo lidzakhala limeneli.

Achemwali, la eni ake lonse mwabweza. Ili ndi lanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.