Mbiri ya Bambo Dixon Kamphinda, Mlonda wa Mbalame za ku Madamu

Anamfedwa, atsogoleri a mpingo, ndi nonse mwabwera kudzaperekeza: mu June 1984, m'chipatala cha mumzinda uno, bambo agona apawa anagwira dzanja la atate awo n'kulonjeza chinthu chimodzi. Atatewo, a Alick Kamphinda, anachoka ku Ntcheu mu 1948 kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo sanabwererenso. Anati: "Maliro anga musakanene pakalata ngati ndine katundu wa pasitima. Iwe Dixon utenge jekete yangayi, upite ndi miyendo yako, ukaitule kwa mlongo wanga Loyce kuti andilire." A Dixon anavomera. Mawa lake nkhalamba inatisiya.

Malemu bambo Dixon Alick Kamphinda anabadwa pa 9 March 1956 kukomboni ya njanji kuno ku Livingstone, oyamba mwa ana asanu. Kwawo, monga ankalembera pamapepala onse, kunali ku Ntcheu m'dziko la Malawi, ngakhale dothi lake anali asanalipondepo. Sukulu anaphunzira konkuno n'kulekeza Fomu 2, osati chifukwa cha mutu wouma ayi, koma kuti mng'ono wawo Godfrey, amene akuwerenga mbiriyi, apitirize. Uyo anapitirizadi, mpaka anakapitirira ku Mangalande zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mu 1975 analembedwa ntchito kufakitale yolumikiza magalimoto. Achinyamata musadabwe: mzinda uno unkapanga zinthu. Wezulo ikalira m'mawa, msewu wa Mosi-oa-Tunya unkadzaza njinga ndi maovolosi. Lero mumsewu womwewo tikugulitsa mvuu zosema kwa anthu odzajambula mathithi, ndipo ati chitukuko n'chimenecho. Mu 1980 anamanga ukwati woyera ndi mayi Vailet mu mpingo wa CCAP, umene anautumikira ngati mkulu wa mpingo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Banja lawo linakhazikika kukomboni ya Malota.

Ulendo wa ku Ntcheu sanauiwale. Jekete ija ankaiyanika chaka ndi chaka kuopa njenjete. Koma chaka china mayi ali oyembekezera, chaka china tchuthi chakanidwa, kenaka fakitale yatsekedwa. Mu 1994 anapeza ntchito imene anzawo onse anaikana: kuyang'anira madamu a madzi a zonyansa kunja kwa tauni. Anthu akamva ankagwira mphuno. Iwo ankangoti, "Nchito ni nchito, mphuno izazolowela."

Kumeneko n'kumene mbalame zinawapeza. Madzi amene ife timanyansidwa nawo, kwa mbalame ndi phwando. Mphunzitsi wina wochokera kunja, amene ankabwera kudzaziona Loweruka lililonse, pobwerera kwawo anawasiyira magalasi oonera patali ndi buku la zithunzi. Zisanathe zaka zisanu, munthu wa Fomu 2 uja anali akuwongolera anthu a madigiri. Ankadziwa mbalame ya konkuno, ankadziwanso yobwera ndi mvula kuchokera ku Ulaya, ndi sabata imene imafika. Ndipo anali ndi lamulo lawolawo, losalembedwa paliponse: ukapeza mbalame yachilendo, mlendoyo ndi wako. Uzimulondera m'mawa uliwonse, uthamangitse agalu ndi ana a malegeni, aliyense wofuna kumuona umuonetse, ndipo usachoke iye asanachoke.

Mu November 2019, atapuma pantchito, zonse zinalongosoka. Tikiti ya basi ya Lachisanu inali m'thumba, jekete itasitidwa. Lachitatu anapita kukatsanzika kumadamu. Pakati pa damu lina panali kambalame kotuwa, kosaposa chibakera, kakuzungulira pamadzi ngati nguli. Kameneka kamaswa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene kumagwa chipale, ndipo nyengo imeneyo kanayenera kukhala pakati pa nyanja yamchere. Mphepo inakasocheretsa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali pamadamupo, anali asanakaonepo. Anaimbira foni mnzawo Simasiku, woperekeza alendo, n'kumuuza kuti: "Bwela manje manje, usasambe!"

Pofika Lachisanu, magalimoto ochokera ku Lusaka, ku Bulawayo, ku Windhoek ndi ku Joni anali ndandanda m'mbali mwa madamu. Azungu, amwenye, athu omwe, onse ndi makamera aatali ngati minsi. Mayi wina anakwera ndege ku Cape Town, anayang'ana kambalameko kwa mphindi khumi, anagwetsa misozi, n'kubwerera tsiku lomwelo. Amayi a ku Maramba Market anasamutsira zitumbuwa zawo pamalo amene dzana ankalavulira podutsa. Mumzinda wa mathithi, alendo akudutsa mathithi osacheuka, kuthamangira kumene kumathera zimbudzi zathu! Ndipo pakati pa onsewo panali bambo awa, chipewa chili pamutu, akuloza ndi chala, akuuza mabwana kuti atsitse mawu.

Mayi Vailet anawalondola komweko atasenza chikwama cha paulendo. "Ba Dixon, basi iyenda! Kambalame aka ni kam'bale wanu?" Iwo osachotsa ndi maso omwe pamagalasi anayankha kuti, "Amake Hope, mulendo sitimusiya yeka pakhomo. Kakayenda, na ine nizayenda." Basi inapita.

Kambalameko kanakhala miyezi inayi. Tsiku lililonse dzuwa linkawatulukira ali pamadamu. Lamulungu ankayamba akazonda kaye, kenaka n'kuthamangira kutchalitchi, matope ali m'nsapato. Ana awo akuti sanawaonepo bambo awo akusangalala chotero. Ankafika kunyumba atatopa, akununkha, akuimba nyimbo za kwaya. Pakati pa March 2020, m'mawa wina, anapeza damu lili duu, kambalame katapita. Anabwerera kunyumba n'kuuza mayi kuti tsopano alongedzenso. Masabata awiri asanathe, mliri wa Covid unaimitsa mabasi odutsa malire.

Mu 2022 anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo maso anayamba kuchita mdima. Ulendo wautali madokotala anawaletsa. A Simasiku ankawatengabe pagalimoto kupita nawo kumadamu, kumene ankakhala pampando n'kumatchula mbalame ndi makutu okha, osalakwitsa. Mng'ono wawo Godfrey atabwerako ku Mangalande chaka chatha n'kuyamba kudandaula kuti tauni inatha, kuti palibenso chimene akuchizindikira, iwo anamuseka mpaka kutsokomola: "Iwe unayenda kutali, unaona chani? Ine dziko yonse inabwela yeka panchito panga."

Anagonekedwa m'chipatala pa 2 August, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 12 August 2025, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi, mayi Vailet ali pambali pawo.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Vailet. Ana anayi, Hope, Misheck, Natasha ndi Titus. Adzukulu asanu ndi anayi. Alongo awiri ndi mng'ono mmodzi.

Chauta awalandire, apumule mu mtendere wake. Ku Ntcheu sanafikeko.