Tsamba Lomaliza Lilipo, a Sele

Olemekezeka oimira a Bwanamkubwa wa boma lathu la Lilongwe. Olemekezeka mafumu athu a kuno ku Mitundu ndi a ku Nathenje. Olemekezeka a khansala. Azibusa ndi mashehe amene mwakhalira benchi limodzi m'mawa uno. Aphunzitsi aakulu a sukulu zotizungulira. Mayi Esitere Maliro, wapampando wa gulu la owerenga, pamodzi ndi komiti yanu yonse. Bambo Sele Haruna, amene mwakhala kutsogolo kuno ndi mwana wanu Kuluthumu. Amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana, osaiwala inu a kabaza amene mwaimika njinga kumbuyoko ngati mukudikira makasitomala chonsecho makutu ali kuno: ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza pondiitana kuti ndidzatsegulire nyumba ya mabukuyi. Pa kalata munandilemba kuti ndine mphunzitsi wa ku koleji, ndipo simunaname, koma kuno ndine Thoko, mwana wa kuseri kwa msika, amene munkamutuma mchere n'kubwerako dzuwa litapendeka. Lero mumva kumene ndinkachedwa.

Achinyamata simukudziwa kuti golosale ya a Sele, imene lero Kuluthumu akugulitsamo mayunitsi ndi zotchajira foni, inali sukulu yathu yachiwiri. A Sele ankagula mitolo ya mapepala akale mu tauni kuti azikulungira mchere, shuga ndi usipa. M'mitolomo munkapezeka mabuku a nthano zazitali, ndipo iwo ankachita nawo chisoni, osawang'amba. Ankawaika pa shelefu pamwamba pa sopo, n'kumabwereketsa aliyense wofuna, Mkhristu kaya Msilamu, wa nsapato kaya wopanda.

Koma mabukuwo anali ndi vuto limodzi: analibe mathero. Ena ankafika ali othothoka kale. Otsalawo ankamalizidwa ndi azibambo athu omwewa. Munthu ukafika nalo buku kunyumba, bambo ankaligwira, n'kulisisita pepala, n'kunena kuti, "Koma ili ndi lofewa bwino." Mawa lake wapeza apichirira fodya. Ndipo ankachita mwaulemu, musaseke. Bambo anga ondibala ine anandiuza ndi mtima woyera kuti, "Usadandaule mwanawe, kumene ukuwerengako sindinakhudze. Ndayambira kumbuyo, kumene sunafike." Azibambo a m'dera lino anasuta maukwati, anasuta milandu, anasuta zigawenga zisanagwidwe n'komwe. Ndikuona ena mwaweramitsa mitu kumeneko, sinditchula maina.

Ndiye tinkatani? Tinkathamangira ku golosale. Ukabweza buku, a Sele ankatsamira pa kauntala, n'kufunsa kuti, "Walekeza pati?" Ukawauza, iwo ankakumalizira nkhaniyo pakamwa, uku akuyeza shuga. Anthu ankachoka ku Nathenje pa njinga kudzangomva mathero. Mabuku onse a dera lino ankathera pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi uyu wakhala apayu.

Chaka chimene sindinasankhidwe kupita ku sekondale, azakhali anga anali atandipezera kale mwamuna, wogula fodya, wa njinga yamoto. Ine ndinali nditagonja. Masiku omwewo ndinabwereka buku la mtsikana wina amene anamuchotsa pa sukulu kuti akwatiwe, ndipo linathera pamene akumuperekeza kwa mwamunayo. Ndinafika ku golosale mtima uli m'mwamba. A Sele anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mtsikana ameneyo anakana. Anabwerera ku sukulu, anabwereza kalasi, anzake akumuseka, ndipo anakhoza." Ndinapita kunyumba, n'kukawauza azakhali kuti ndikabwereza sitandade eyiti. Kunali phokoso, koma ndinabwereza.

Patapita zaka, ndili ku koleji, ndinalipeza buku lomwelo lili lathunthu. Ndinathamangira kumapeto. Abale anga, mtsikana uja sanakane. Anakwatiwa, ndipo nkhani inatha iye akulira pa chitsime. Pa holide ndinabwera kuno nditakwiya, ndinati, "A Sele, munandinamiza!" Iwo osatekeseka, anati, "Iwe Thoko, buku limenelo linandipeza lothothoka kale. Mathero ake sindinawaonepo. Ndinangoyang'ana nkhope yako, ndinaona mathero amene unkafunika." Ndikunena pamaso pa azibusa ndi mashehe kuti bodza limenelo ndimalithokoza mpaka lero.

Tsopano mumve chimene chatisonkhanitsa. Chaka chatha matenda a shuga anawalowa m'maso a Sele, ndipo madokotala ananena mosabisa kuti kuona kwawo kuzingocheperachepera, sikudzabwereranso. Kuluthumu atamva, anakwera minibasi kupita mu tauni, n'kukawagulira buku latsopano, lathunthu, la zilembo zikuluzikulu, kuti munthu amene anamalizira anzake nkhani moyo wake wonse awerengeko imodzi mpaka kumapeto maso asanatseke. Mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Buku la munthu mmodzi ine ayi. Ndidzalitsegula tsiku limene lidzakhale pa shelefu pomwe mwana aliyense angalibwereke." Analikulunga m'nsalu, n'kuliika pansi pa kauntala. Kuluthumu analira, anawanyengerera, anaitana ashehe, koma amene munagulapo kanthu kwa a Sele mukudziwa kuti akanena mtengo anena.

Apa ndiye panayambira mpikisano, ife mbali ino, maso a a Sele mbali inayo. Mayi Esitere anaitanitsa owerenga onse akale, ndipo tinapezeka tili ambiri kuposa mmene tinkaganizira: anamwino, madalaivala, alimi, ogulitsa tomato, wina mpaka wapolisi. Mafumu anapereka malo. Amayi a ku Nathenje anaumba njerwa, mvula yoyamba n'kuzisungunula zisanawotchedwe, iwo n'kuumbanso osadandaula. Anyamata a kabaza anatuta mchenga m'matumba. Denga litachedwa, Kuluthumu ankabwera pano kudzatiuza kuti, "Bambo sakuzindikiranso nkhope ya munthu ali kutsidya kwa msewu." Mawu amenewo ankatibaya, ndipo ndi amene anakhoma malata amenewa. Ndinkaopa, sindikubisirani. Ndinkaopa kuti tidzatsegula nyumba yokongola, mwini wake weniweni ataima pakhomo osaona kanthu.

Koma taonani lero! Khoma laima, denga lakhomedwa, mashelefu adzaza. Imbani nthungululu amayi, ndidikira, pakuti ntchitoyi ndi yanu. Ndipo a ku Nathenje, amene munalimbana nafe kuti nyumbayi ikamangidwe kwanu, simunagonje pachabe: bokosi la mabuku lizibwera kwanu mwezi ndi mwezi, ndipo mukamalibweza tiziwerenga masamba.

Mukalowa, kudzanja lamanja mupeza shelefu imene gulu la owerenga lasankhapo nthano zazitali za masiku ano, zolembedwa ndi anthu amene akupuma mpweya womwe tikupumawu, zina m'Chichewa, zina m'Chingerezi. Ine ndawerengapo, ndiye ndikulozereni poyambira. Amene mumakonda kuseka, tengani la chikuto chachikasu, la mkulu wina amene anabwera kuchokera ku Joni ndi firiji yaikulu kumudzi kopanda magetsi, mudzi wonse n'kumasungiramo zinsinsi zake. Ndinaliwerengera m'minibasi, kondakitala mpaka anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Amene mtima wanu ndi wolimba, tengani la mayi wogulitsa makala amene mwana wake analembedwa ntchito yolondera nkhalango. Limenelo musaliwerenge muli ndi ndiwo pamoto, zipserera. Ndipo inu akatswiri, amene buku lopyapyala mumalimaliza tsiku limodzi n'kuyamba kuvutitsa anzanu, takusungirani lonenepa, la banja limene linagwira ntchito pa esiteti ya fodya kuyambira agogo mpaka zidzukulu. Limayamba pang'onopang'ono, mudzafuna kulisiya, koma musalisiye. Mukadzafika pakati mudzapezamo amalume anu, mudzapezamo apongozi anu, ndipo mwina mudzadzipezamo nokha.

Wina anandifunsa kuti, kodi nthano zopeka zimadyetsa munthu? Ayi, sizilowa m'nkhokwe. Koma ine ndaima pano chifukwa cha mtsikana amene sanakhaleko, m'mathero amene sanalembedwe. Mwana amene wawerenga za moyo wa munthu wina amadziwa kuti moyo wakenso ungathe kupita kwina, osati kokhako kumene amulozera. Makolo, mwana akakhala phee ndi buku, musamati ndi ulesi. Ndipo azibambo, ndikupempha mwaulemu wonse: mapepala opichirira fodya akupezeka pa msika.

Tsopano a komiti andipatsa lumo kuti ndidule nsalu ili pakhomoyi, koma lumo liyambe ladikira. Kuluthumu, bwera nalo buku lija. Mayi Esitere, lilandireni, mulidinde chidindo cha nyumba ino, kuti likhale la mwana aliyense monga anafunira eni ake. Mwadinda? Zikomo. Bambo Sele, pepani, imirirani pang'ono, mwana wanu akugwirani mkono. Shelefu ija ilipo, buku lija lakhalapo, ndipo wobwereka woyamba ndinu. Landirani.

Taonani anthu inu, ayambira kumbuyo! Moyo wonse kudzudzula azibambo athu, lero nawonso ayambira kumbuyo! Asiyeni, asiyeni aone. Lifikitseni pafupi ndi maso, bambo, tembenukirani ku dzuwa, palibe akuthamanga.

A Sele, tsamba lomaliza lilipo? Zilembozo mukuziona?

Akuti lilipo. Akuti akuziona.

Pepani, mundilole ndipukute m'maso. Tafika nthawi yake, abale anga. Tapambana!

Bambo Sele, kwa zaka zonsezi tinkabwera kwa inu kudzapempha mathero, ndipo simunatibwezepo chimanjamanja. Lero, m'malo mwa ana onse a ku Mitundu ndi ku Nathenje, ndikupempha chinthu chimene sitinakupempheniponso: mukamaliza, musatiuze mmene yathera. Tidzawerenga tokha.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka nonse, ndi chimwemwe chodzaza mtima, ndikulengeza kuti nyumba ya mabuku ya owerenga a ku Mitundu ndi ku Nathenje yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.